Mwera wa mu Foni

Aleluya! Okondedwa omvera, kaya muli padoko mukusoka ukonde, kaya muli pa mlatho wa Chia mukugulitsa chambo, senderani pafupi ndi wailesi. Lero tikamba za kanthu kali m'thumba mwanumo.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mavidiyo anayamba kugwa pa WhatsApp ngati mvula. Ine ndinali kuno, kutali ndi Blantyre, nyumba yanga ili bwinobwino, koma usiku uliwonse ndinkaonera mpaka tambala woyamba. Ndinkati ndikupempherera dziko. Bodza! Ndinkangodzidyetsa mantha. Tulo tinathawa, nsima inasiya kukoma, mwana akangogwetsa kapu ine kukalipa. Mayi a kunyumba ndi amene anati, "Abusa, kuyambira lero foniyi izigona pabalaza." Ndinanyinyirika, koma patangopita masiku ochepa ndinayambanso kugona ngati munthu.

Mukatsegula 1 Mafumu 19 mupeza Eliya. Munthu ameneyu anali atangoona moto ukutsika pa phiri la Karimeli. Chinamugwetsa n'chiyani? Uthenga umodzi wokha wochokera kwa Yezebeli. Umodzi! Anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo n'kumapempha imfa. Nanga inu amene mumalandira mauthenga ambirimbiri dzuwa lisanalowe? Ndiye taonani zimene Mulungu anachita. Sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamusiya agone, natuma mngelo ndi mkate ndi madzi, kawiri konse. Pambuyo pake anamuuza kuti sali yekha, alipo ena 7,000, ndipo anamupatsa Elisa woti aziyenda naye. Tulo, chakudya, mnzake. Wina anene Amen!

Inu a kuno mukudziwa, mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi nyanja imalusa, mabwato amakokeredwa kumtunda. Koma m'kati mwa Chia mafunde aja safika ndi mphamvu yonse, chifukwa khwawa lolumikiza Chia ndi nyanja, lodutsa pansi pa mlatho uja wa msewu wa M5, ndi lopapatiza. Mtima wanu unali choncho. Foni yakulitsa khwawa lija, mwera wa dziko lonse ukulowa mpaka kuchipinda.

Mnyamata akuona mnzake wa ku Joni atatsamira galimoto pa Facebook, iye n'kudziona ngati wolephera. Sakudziwa kuti galimotoyo mwina ndi ya abwana. Wina wagulitsa usipa, ndalama yalowa mu foni, pofika m'mawa kandege kauluka nayo, ndipo akuopa kuwauza akazi ake. Mayi wina chithunzi chake chazungulira m'magulu, anthu akuseka, iye wasiya kupita kumsika. Ndipo ife a mpingo, ndinene mosabisa, ndife akatswiri potumiza nkhani za maliro ndi ngozi tisanafunse n'komwe ngati ndi zoona.

Sindikuti tayani foni m'madzi, ayi. Ndi yomweyo timagulitsira nsomba ndi kulandirira ndalama. Koma ikhale ndi nthawi yake yogona. Pamkeka wa nsima isakhalepo. Gulu lomwe mukatulukamo mtima umagunda, tulukanimo ndithu, simunabatizidwiremo. Ndipo pezani Elisa wanu, munthu woti mukhale naye maso ndi maso n'kumuuza kuti m'bale wanga, zandivuta. Abambo, ndikunena inu makamaka, amene munaphunzitsidwa kuti mwamuna salira.

Tsono mvetsetsani apa. Ngati papita masabata osagona, osadya, kapena mukumva maganizo ofuna kudzichotsa moyo, musakhale nokha usiku uno. Uzani munthu. Bwerani tipemphere, inde, koma tikatha kupemphera ndikuperekezani ku chipatala cha boma ku Nkhotakota. Kuli achipatala oona za matenda a maganizo, ndipo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli a St John of God ogwira ntchito yomweyo. Si zonse zili ziwanda, abale anga, monganso malungo si ziwanda.

Tsopano ikani foniyo pansi, choyang'anitsa kudothi. Gwirani dzanja la amene muli naye pafupi, tipemphere.