Dzina la m'sewero likakukakamira



Ndiyambe ndi funso. Ndikanena kuti a John Nyanga, ndi angati mukuwadziwa? Nanga ndikati Izeki? Mwaonatu, manja achuluka, chonsecho ndi munthu mmodzi yemweyo. Iwowa ndi a Eric Mabedi, amene tonse timawati Jakobo, anasewera anthu awiri omwewo zaka zambiri mpaka mayina awo enieni anabisika. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021, koma Izeki ndi Jakobo timawatchulabe.

Chimodzimodzi a Michael Usi a ku Mulanje konkuno, Manganya wa mu Tikuferanji, sewero la pa kanema la bungwe la ADRA. Mu June 2024 atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, m'maminibasi anthu ankangoti Manganya basi.

N'chifukwa chiyani zimatero? Munthu wa m'sewero akamabwera sabata ndi sabata, amasanduka ngati neba. Mayendedwe ake, ukali wake, mabodza ake, zonse timazidziwa, ndiye akayankhula timamva. Umu ndi momwe Tikuferanji inalowetsera nkhani za Edzi m'makomo momwe makolo ankachita manyazi kuzitchula.

Tsono tibwere pa kalabu yathu. Tikamagawana mbali, aliyense amafuna kukhala mfumu kapena dokotala. Chidakwa, bambo wonyengerera ana asukulu, mtsikana womwa ma ARV, aliyense amayang'ana pansi. Mantha ake ndi akuti pa msika wa Namitambo kapena Mbulumbuzi adzayamba kukuitana ndi dzina lomwelo. Manthawo si abodza, dzina limakakamiradi.

Koma kumbukirani kuti kuno ku Chiradzulu a MSF anayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndipo abale athu ambiri ali moyo chifukwa cha mankhwalawa. Ife tikamathawa mbali imeneyi, ndiye kuti tsankho taliyambitsa tokha.

Pempho langa ndi ili. Aliyense asankhe munthu mmodzi, amupatse dzina, mayendedwe ndi kayankhulidwe, amusunge m'masewero onse a chaka chino. Sewero likatha, tiziima kutsogolo n'kutchula mayina athu enieni, kuti oonera asiyanitse. Ndipo mnzathu akatenga mbali yovuta, oyamba kumugemula tisakhale ife.

Mbali ya chidakwa ikadali yopanda mwini. Ndani akweze dzanja?