Ngalawa ya Mabuku pa Mtsinje wa Amazon

Mwatipatsa mpata wakuti tikufotokozereni za ulendo umene tinayenda ku dziko la Peru, ku South America, pamodzi ndi anthu ena odzipereka mwa kufuna kwao, kukatula mabuku ndi makope ku sukulu za m'nkhalango ya Amazon. Ena a inu mwatifunsa kale panjira kuti, Kodi munakathangata ana, kapena munangonka kukaona dziko? Funso limeneli nloyenera, ndipo tidzayesa kuliyankha. Koma tithange tanena za mtsinje, pakuti kumeneko munthu sakhoza kuzindikira za sukulu asanazindikire za madzi.

Mtsinje wa Amazon utalika makilomita ngati 6,400, ndipo pa dziko lonse lapansi palibe wina wosenza madzi ocuruka monga uwu. Mwa madzi onse amene mitsinje ithira m'nyanja zamcere, pafupifupi limodzi la magawo asanu licokera mwa uwu wokha. Mzinda umene tinayambirapo ulendo wa pamadzi ndiwo Iquitos, wa anthu oposa 400,000. Utalikirana ndi nyanja ya Atlantic makilomita oposa 3,500, koma ngakhale kuli tero sitima za m'nyanja zifika pa dooko lace, cifukwa mtsinje ngwakuya ndi wotakata. Cozizwitsa ndi ici, cakuti palibe mseu wolunzanitsa Iquitos ndi mizinda yina yaikuru ya Peru. Ulipo wa makilomita ngati 100 wonka ku Nauta, ndipo uthera pomwepo pa gombe. Wofuna kufika ku Iquitos akwera ndege ku Lima, ulendo wa maora ngati awiri. Kapena akhala masiku angapo m'ngalawa yocokera ku Pucallpa kapena ku Yurimaguas, nagona m'macira omangidwa mizere-mizere pakati pa matumba a mpunga ndi mikoko ya nthoci. Cigawo conseco cichedwa Loreto, ndipo m'kukula kwace ciposa dziko la Malawi katatu.

Caka ca anthu a kumeneko ciwerengedwa ndi madzi. Mtsinje uyamba kukwera kumapeto kwa caka, nufika pamwamba m'miyezi ya April ndi May, ndipo ubwerera pang'ono-pang'ono kufikira September. Pakati pa kudzala ndi kuphwa kwace pamakhala mamita ngati 10. Taganizani, ana inu: pamene muponda mpira lero, miyezi isanu ndi umodzi ikapita pali kupita mabwato. Cifukwa cace nyumba zao azimanga pa nsanamira zazitali, ndipo sukulu zambiri ziri comweco. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri apalasa yekha kabwato kace kunka ku sukulu, nakamangirira pa makwerero. M'caka ca 2012 madzi anapitirira muyeso wace wa kale ku Iquitos, nalowa m'nyumba ndi m'sukulu zomwe. M'zaka za 2023 ndi 2024 kunali kwina: cilala cinaphwetsa mitsinje, kotero kuti ku Manaus, m'dziko la Brazil, madzi anatsika koposa zaka zonse ciyambire kuwayesa mu 1902, ndipo midzi yambiri inatsala yosafikika, ngalawa ziri gone pamcenga.

Tsono muona cifukwa cace mabuku awanyamula mu April. Sukulu za ku Peru zitsegulira mu March, ndipo mu April madzi ali odzala, kotero kuti ngalawa ikhoza kulowa m'timitsinje ta m'kati mwa nkhalango ndi kukoceza pafupi ndi khomo la sukulu. Mukacedwa kufikira August, katundu yemweyo mudzamsenza pamutu m'matope.

Ngalawa ya alendo si cinthu catsopano kwa eni dziko, ndipo zimene alendo oyamba anabwera nazo sizinali zokoma. M'caka ca 1542 Francisco de Orellana, wa ku Spain, anatsika ndi mtsinje wa Napo, umene ucokera ku Ecuador nuthira mu Amazon kumunsi kwa Iquitos, napitirira kufikira ku nyanja. Iye ndi anthu ace anali ndi njala, ndipo pena anapempha cakudya m'midzi, pena analanda. Coipa coposa cinadza ndi malonda a mphira, kuyambira ca m'ma 1880. Iquitos analemera, eni cuma namanga nyumba zokongola zimene zina ziripobe. Koma m'nkhalango, makamaka ku mtsinje wa Putumayo, anthu a kampani ya Julio César Arana anagwira eni dziko ukapolo kuti azikama mitengo ya mphira, ndipo wosakwanitsa muyeso anamkwapula kapena kumupha. Roger Casement, yemwe uja anaulula zoipa za ku Congo mu 1904, anatumidwa kumeneko mu 1910, ndipo zimene analemba zinasindikizidwa mu 1912. Malondawo anagwa m'zaka zomwezo, cifukwa mbeu 70,000 zimene Henry Wickham anatenga kunka nazo ku Kew mu 1876 zinali zitabala minda yaikuru ya mphira ku Malaya ndi ku Ceylon. Olemera anacoka, osauka natsala. Mlendo ali yense wotsika m'ngalawa lero ayenda m'mapazi a anthu amenewo, afune asafune, ndipo ayenera kukumbukira ici pamene aona akuru a mudzi ali kumuyang'ana cete.

Nchito ya mabukuyi inayamba motere. M'caka ca 1964 munthu wa ku America, dzina lace Peter Jenson, anayamba kampani yochedwa Explorama, yocereza alendo ofuna kuona nkhalango, namanga nyumba yao yogona ku Yanamono, kumunsi kwa Iquitos. M'caka ca 1990 panabadwa bungwe la CONAPAC, losamala nkhalango ndi midzi ya m'menemo, ndipo mu 1993 linayamba nchito yochedwa Adopt-A-School, ndiko kunena kuti munthu kapena gulu atenga sukulu imodzi kuilera monga mwana. Kuyambira 1999 bungwe losunga nyama la mzinda wa Detroit, Detroit Zoological Society, linalowa m'nchitoyi ndi kusonkhanitsa anthu odzipereka. Boma la Peru limanga sukulu ndi kulipira aphunzitsi; koma kope, pensulo ndi coko zicokera m'thumba la kholo, ndipo kholo limene cuma cace ndi nsomba, cinangwa ndi nthoci liona ndalama kamodzi-kamodzi. Mpata umenewu ndiwo anafuna kutseka.

Tsiku lotula mabuku liyamba kusanace. Katundu amakhala atamangidwa kale, mwana ali yense phukusi lace monga mwa kalasi yace, mphunzitsi lace, ndi bokosi la sukulu yonse. Ngalawa yathu inali ya denga, yaitali ndi yopapatiza. Panjira tinali kupambana ndi mabwato a eni dziko okhala ndi kainjini ka mcira wautali, kamene akacha peke-peke potsata kulira kwace. Woyendetsa sacotsa maso pamadzi, pakuti m'nyengo ya kudzala mtsinje ukokolola mitengo yathunthu, ndipo tsinde lobisika likhoza kuboola ngalawa. Pofika pamudzi tinapeza ana atandanda pagombe ndi ng'oma ndi zitoliro. Panali mau a akuru, panali magule, ndipo anatipatsa masato, cakumwa cao ca cinangwa, cimene mlendo waulemu sacikana. Pamenepo mphunzitsi anaitana maina m'kaundula, mwana ali yense nadza yekha kudzalandira phukusi lace pamaso pa makolo. Ici ticiyesa canzeru: katundu wotulidwa pagulu, mwini-mwini, sasokera.

Zokondweretsa za ulendo sitidzazibisa, pakuti zinalipo zambiri. Tinaona nyama za m'madzi zofiirira zonga nsomba zazikuru, zopuma mpweya monga ife, ziri kutumphuka pafupi ndi ngalawa. Tinaona masamba a kakombo otambalala mamita awiri. Tinadya paiche, nsomba imene ikakula iposa munthu msinkhu. Tinayenda pa ulalo wa zingwe womangidwa m'nsonga za mitengo, mamita oposa 30 kucokera pansi, ena a ife miyendo iri njenjenje. Udzudzu unatidya, mvula inatibvumba tsiku ndi tsiku, ndipo zobvala sizinaume kufikira tinabwera.

Tibwere tsopano ku funso lanu lija. Ndalama imene munthu mmodzi alipira ndege kucokera kutali ikhoza kugula makope a sukulu yathunthu, kapena kuposa. Izi nzoona, ndipo wonena kuti alendo akadangotumiza ndalamazo ndi kukhala kwao sanena zopusa. Kunenanso za nchito ya manja, eni mudzi atiposa kutali. Ali nao mwambo wao wochedwa minga, wofanana ndi dima: mudzi wonse usonkhana kugwira nchito imodzi, mwini nchito naphika cakudya ndi cakumwa. Pa minga yotere mlendo wogwira cikwanje ali ngati mwana. Cimene iye acita tsiku lonse, mnyamata wa pamudzi acitsiriza dzuwa lisanafike pamutu. Tikadanena kuti sukulu zija zaima cifukwa ca mphamvu za manja athu, tikadanama.

Koma pali mbali yina. Wodzipereka alipira ulendo wace yekha, naonjezapo copereka ca nchitoyo, ndipo ndalama zimenezo zithandiza kugula mabuku ndi mafuta a ngalawa, amene kumeneko ali a mtengo wapatali. Ndiponso mtima wa munthu tiudziwa tonse: wongomva mbiri apereka kamodzi naiwala, koma amene anaima m'kalasi madzi ali kuyenda pansi pa matabwa, namva mwana ali kuwerenga, apereka caka ndi caka, nakopa abale ace ndi anzace. Phindu lace la mlendo lioneka iye atabwerera kwao. Ici ndico tiyankha, ndipo sitifuna kucikuza koposa apa.

Ulendo wotere ukhozanso kuononga. Pali alendo ena ofika pamudzi tsiku limodzi osapangana ndi munthu, naimitsa maphunziro, namwaza maswiti, najambula ana popanda kupempha makolo, ndipo saonekanso. Otere aphunzitsa ana kutambasula dzanja pakumva injini. Cimene cisiyanitsa nchito yabwino ndi imeneyi ndico pangano. Mudzi wolowa m'nchito ya mabuku ubvomera mbali yace: makolo atumize ana ku sukulu, asamale nyumba ya sukulu, asunge bwino nkhalango ndi madzi ao. Kumapeto kwa caka anchito a bungwe, amene ambiri ndi ana a dziko lomwelo, abweranso kudzaona ngati pangano lasungidwa. Ulendo waciwiriwu ulibe ng'oma kapena magule, ndipo madzi amakhala atatsika, kotero kuti pena ayenda pansi mtunda wautali. Koma pa maulendo awiriwa ife tiyesa uwu ndiwo wolemera.

Ndipo aphunzitsi inu, mverani za mnzanu wa kumeneko, pakuti mtolo wonse uli pa iye. Kawiri-kawiri ali yekha pa sukulu, ndi makalasi onse asanu ndi limodzi m'cipinda cimodzi: awa ali kuphunzira zilembo, awo ali kugawa nambala, iye nayenda pakati pao. Ambiri kwao ndi ku Iquitos, ndipo akhala miyezi osaona banja lao. Pena aphunzitsa m'Cisipanishi ana amene kwao alankhula Kichwa, kapena amene agogo ao alankhula Yagua kapena Kukama. Pakuti dziko la Peru liwerenga zinenero 48 za eni dziko, ndipo zocuruka za izo ziri m'nkhalango. Cifukwa ca bvuto limeneli bungwe la mafuko a m'nkhalango, AIDESEP, linayambitsa mu 1988 ku Iquitos sukulu ya aphunzitsi yochedwa FORMABIAP, kuti ana a mafukowo aphunzire uphunzitsi wa zinenero ziwiri ndi kubwerera kwao. Ngakhale kuli tero, pa mayeso a boma a kuwerenga ndi masamu Loreto anakhala pambuyo pa zigawo zonse za Peru zaka zambiri zotsatana. Makope okha sacotsa cimeneci. Ndico cifukwa cace nchito ya mabuku inaonjeza misonkhano yophunzitsa aphunzitsi, ndiponso zosefera madzi akumwa, popeza mwana wotsegula m'mimba ndi madzi a mumtsinje sakhala m'kalasi, angakhale phukusi lace liri lodzala.

Tinafunsa mphunzitsi wina, mai wacikulire amene anakhala pa sukulu yace zaka zambiri, kuti cimene asowa koposa nciani. Tinayesa kuti adzachula mabuku ena, kapena nyali. Iye anatitengera ku ngodya ya kalasi natsegula kabati. Mabuku a caka capita anali atatupa ndi cinyezi, masamba atamamatirana ndi cuku, ndipo ciswe cinali citalowa kunsi ndi kudya mzere wathunthu. Anati m'dziko lao pepala likhala caka cimodzi, likalimba ziwiri. Cimene anapempha ndico zidebe za pulasitiki za zibvundikiro zothina, zosungiramo mabuku pa nyengo ya madzi, ndi kuti ngalawa idzabwerenso April wamawa.