NYAMAKAZI YA M'MFUNDO: KUGONA KAPENA KUYENDA?

M'miyezi ya June ndi July, pamene cisanu citsika m'mapiri a Chipata, alipo amai amene auka m'mamawa zala zitauma, osakhoza kugwira ngakhale mthiko. Nthenda yao ndiyo nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madotolo aicha rheumatoid arthritis. Siicokera ku ukalamba kapena kwa mfiti ai: mphamvu ya thupi yomenyana ndi matenda ndiyo itembenukira mfundo za mwini wace. Igwira akazi koposa amuna, ndipo kawiri-kawiri manja onse awiri pamodzi.

Ana acifundo amati, "Gonani, amai, nchito tigwira ife." Cifundo cotere cikacuruka cipundula, pakuti mfundo yosayenda iuma, ndipo minofu yoizinga ifooka.

Wodwala akauka aviike manja m'madzi ofunda mphindi 10, nafumbate ndi kutambasula zala pang'ono-pang'ono. Dzuwa litakwera ayende pa njira yosalala, osati yokwera phiri la Kanjala. Munsi ndiwo mdani, pakuti ugwedeza mfundo za m'manja. Cimanga cipite ku cigayo.

Muyeso wace ndi uwu: ululu ukakhalabe maora 2 atabwerako koyenda, ndiko kuti wapitiriza. Mawa acepetse, koma asaleke. Tsiku limene mfundo yatupa ndi kutentha aipumuze, angoipinda ndi kuiongola mofatsa kamodzi kapena kawiri.

Koma kuyenda kokha sikuletsa nthendayi kudya mfundo. Aciletsa ndiwo mankhwala onga methotrexate, amene dotolo apatsa atapima magazi, ndipo mai wapakati sawamwa. Cifukwa cace wodwala afike msanga ku cipatala cacikuru ca Chipata, ku Mwami, kapena ku St Francis ku Katete, zala zisanakhote.