MAU A APHUNZITSI A M'MIDZI PA TSIKU LA CIKONDWERERO: ZA MAINA OSAYANKHIDWA



Ife aphunzitsi a m'midzi tiyamika kuti mwatipatsa mpata wa kulankhula pa tsiku lalikuru ili. Anzathu anena kale za makolo amene anaumba njerwa za nyumba ino, ndi za iwo amene anayamba kuphunzitsa ana pansi pa mtengo, alikulemba ndi cala pa dothi. Sitibwereza mau ao. Ife tadza ndi buku limodzi lokha, ndilo kaundula wa sukulu, m'mene tiitana maina a ana m'mawa uli wonse. Pakuti buku ili silinama.

Mukatsegula tsamba la Sitandade 1 pa sukulu yathu, mudzapeza maina a ana akazi olingana ndi a anyamata. Koma mukafika pa Sitandade 7 ndi 8, maina ao acepa ndithu. Caka cino tinali naye mtsikana wa zaka 14, wodziwa masamu koposa anzace onse. M'mwezi wa Januwale tinaitana dzina lace masiku asanu, osayankhidwa. Titapita kwao, amalume ace anatiuza kuti wapita ku banja, popeza m'nkhokwe munalibe cimanga, ndipo mwamunayo analonjeza matumba a feteleza. Tinabwerera ndi manyazi, cifukwa nkhaniyo inali itamveka m'mudzi monse, koma panalibe mmodzi wa ife amene anatsegula pakamwa.

Tsono tisanene kuti tiribe potsamira. M'caka ca 1989 maiko anapangana pangano la ufulu wa ana ku United Nations, ndipo Malawi analowamo m'caka ca 1991. M'caka ca 1993 Boma linalola kuti mtsikana amene wabala mwana abwerere ku sukulu. M'caka ca 1994 fizi inacotsedwa m'sukulu za pulaimale, ndipo ana olembedwa anacuruka kucokera pafupi-fupi 2 miliyoni kufikira pafupi-fupi 3 miliyoni. Ena a ife tinali ana masiku amenewo, ndipo tikumbukira kusowa kwa zipinda. M'caka ca 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, ndipo m'caka ca 2017 inakonza malamulo aakuru a dziko, nicotsa mau amene analola makolo kukwatitsa mwana wa zaka 15. Cotero khomo la sukulu latseguka. Koma lamulo liribe miyendo, silikhoza kufika lokha pa khonde la munthu. Tiyenera kulinyamula ndife.

Taonani citsanzo ca Inkosi Theresa Kachindamoto wa ku Dedza. Iye anasonkhanitsa nyakwawa zace, napangana nazo kuti zisalole ukwati wa ana, naimitsa pa udindo zimene sizinamvera. Ndipo pofika caka ca 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800, natumiza anawo ku sukulu. Sanadikira alendo, anagwira nchito ndi anthu a m'midzi momwemo.

Cifukwa cace tiri ndi zopempha zinai. Inu akatekisiti, musanalembe cikwati funsani zaka za mkwatibwi, ndipo yang'anani m'buku la ubatizo, pakuti ciripo cimene ciwerengero cinena pamene abale akhala cete. Inu amai ndi anankungwi, polangiza namwali muuzeni kuti kutha msinkhu sikuli kutha sukulu iai. Inu abambo ndi amalume, njala ikalowa m'nyumba dzani nayo kwa akulu a mpingo poyamba; thumba la feteleza litha m'dzinja limodzi, koma mwana wopita ku banja asanakhwime asenza katunduyo moyo wace wonse, ndipo ambiri otere asauka koopsa pa nthawi ya kubala. Ndipo inu anzathu aphunzitsi, tiulule kulakwa kwathu: mtsikana akabwerera atabala mwana, tamlola kusekedwa ndi anzace, nthawi zina tamseka ndife tomwe. Tilonjeze pamaso pa mpingo kuti sitidzateronso, ndi kuti mwana akajomba masiku atatu tidzamlondola kwao.

Akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene anamanga malo ano anaphunzitsa ana amene sanawabala, ndipo ife tiima pano lero cifukwa ca iwo.

Za mtsikana uja, tapita kwao kawiri pamodzi ndi anyakwawa ndi amai ena a mpingo uno, ndipo mlandu ukali m'manja mwa amfumu. Dzina lace sitinalifafaniza m'kaundula. Lolemba m'mawa tidzaliitananso, ndipo tipempha inu nonse mutithandize kuti liyankhidwe.