Mayina Ozunguza a Malamulo a Kompyuta

Tcherani khutu.

Nonse mudziwa kuti m'Chingerezi "cat" ndi mphaka. Koma mukalemba liwu limeneli pa kompyuta yoyendera Linux, simudzaona mphaka ayi. Kompyuta idzakuonetsani mawu amene anasungidwa m'fayilo. Dzinali linadulidwa ku liwu lakuti "concatenate", ndiko kuti kulumikiza. Nanga mwana akazunguzika pamenepa, tinganene kuti ndi wopusa? Iyayi.

Malamulo amenewa Linux inawatengera ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga mu 1969 ku Bell Labs, m'dziko la America. Iwo ankalamula kompyuta pa makina onga tayipi, a mabatani olimba, osindikiza papepala zilembo 10 zokha pa sekondi imodzi. Liwu lalitali linali lotopetsa zala, choncho analidula: "list" inasanduka ls, "copy" inasanduka cp, "move" inasanduka mv.

Mayina ena simungawatulukire ngakhale mutadziwa Chingerezi chotani. Taganizani za midzi ya kwanu. Ina inatchedwa dzina la mfumu yoyamba, ina la mtsinje, ndipo mlendo sangadziwe tanthauzo popanda kufunsa akuluakulu. Lamulo lotchedwa awk, la mu 1977, ndi zilembo zoyamba za mayina a anthu atatu amene analipanga: Aho, Weinberger ndi Kernighan. Lina ndi biff, lodziwitsa munthu kuti kalata yafika mu kompyuta. Ilo linatchedwa dzina la galu wina wa pa yunivesite ya ku Berkeley, amene amati ankauwa munthu wobweretsa makalata. Inde, galu!

Nkhani ya galuyo ndi yoseketsa, koma pali lamulo limodzi limene ine ndiliona kuti dzina lake linafupikitsidwa mopitirira. Ndilo rm, kuchokera ku "remove". Ukalilemba, kompyuta imafafaniza fayilo nthawi yomweyo. Sikufunsa ngati watsimikiza, ndipo kubweza chimene chapita nkovuta kwambiri. Mndandanda wa mayina a ana a sukulu yonse ungathe kutayika ndi zilembo ziwiri zimenezi.

Aphunzitsi, tikatha kulankhula, lembani pa bolodi ls, cp, mv ndi rm, ngakhale pasukulu panu palibe kompyuta. Pambali pa lililonse lembani liwu lathunthu ndi tanthauzo lake. Ana akopere m'makope awo, ndipo adule mzere kunsi kwa rm. Tsalani bwino.