Nyumba ya Mandala ndi nyumba zathu zakale za pa Mvera

Lero tiyambire kutali, ku Blantyre, tione nyumba imodzi, kenako tibwerere kwathu kuno ku Mvera.

Nyumbayo ndi Mandala House. Inamangidwa mu 1882, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zomwe zidakalipo m'Malawi muno. Eni ake oyamba anali kampani ya African Lakes, yomwe inayambira ku Glasgow, ku Scotland, mu 1878. Kampaniyi inali ndi sitima zapamadzi pa Shire ndi panyanja, inkagula minyanga ya njovu n'kumagulitsa nsalu ndi katundu wina. Oiyendetsa anali pachibale, John Moir ndi Frederick Moir. A John ankavala magalasi, ndiye anthu anawapatsa dzina loti Mandala. Dzinalo linakakamira kampani, masitolo ake, nyumbayo, mpaka dera lonse lija mumzinda wa Blantyre. Mukawafunse agogo anu za sitolo za Mandala, akakuuzani.

Tsono kamangidwe kake. Ndi nyumba yosanja, ndipo makoma ake si a simenti ayi, ndi a njerwa zouma padzuwa, zija timati zidina, zomangidwa ndi dothi. Mwina mukudabwa kuti zidina zatha bwanji zaka zoposa 140, pomwe nyumba za zidina kumudzi zimagwa mvula ikangolimba. Chinsinsi choyamba ndi khonde. Nyumbayi ili ndi khonde lalikulu, denga lake limafika patali kunja, choncho mvula yamkuntho siomba khoma. Dzuwa nalonso silifika pakhoma, ndiye mkati mumakhala mozizirira bwino popanda fani. Amene mukufuna kudzamanga zanu, nzeru ndi imeneyo, ndipo ndi yaulere.

Chinsinsi chachiwiri n'chakuti nyumbayi sinasiyidwe bwinja. Poyamba munkakhala mabwana a kampani. Nthawi inasintha, kampani ija inatha, koma nyumba inapeza ntchito ina. Lero pamwamba pali laibulale ya bungwe la Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1946, ndipo mumasungidwa mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. Boma linaiika m'gulu la malo a mbiri otetezedwa ndi lamulo. Inu mukudziwa zomwe zimachitikira nyumba yopanda munthu: denga likayamba kudontha palibe woona, chiswe chimalowa, wina amadzazula chitseko usiku, basi yatha.

Tiyeni tibwere kwathu. Pa 28 November 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, anayamba mishoni pano pa Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere. Ndi mishoni yoyamba ya mpingowo m'Malawi. Nkhoma inabwera pambuyo, mu 1896, ndipo patapita nthawi likulu linasamukira kumeneko. Paphiri la Kaso ndi pomwe William Murray ndi anzake anagwirira ntchito yomasulira Baibulo lija timati Buku Lopatulika. Mu 1926 mpingo wa kuno unalowa mu CCAP, ndipo mu 1962 amishoni anapereka ntchito ndi katundu wawo m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma.

Mwauona mzere wa eni ake? Malo anali a mfumu ndi anthu ake, nyumba zinakhala za amishoni, kenako zinabwera m'manja mwa Amalawi. Ndiye tikamadutsa pa nyumba zakale za pamishoni n'kumati "za azungu izo", tikudzimana tokha. Mabuku amatchula kwambiri mayina a azungu, koma amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kucheka matabwa ndi kusenza miyala anali makolo athu a m'midzi yomwe ino.

Pempho langa ndi ili. Tikaonane kaye ndi abusa ndi akulu a mpingo, atilole. Akatilola, tigawane awiriawiri, gulu lililonse litenge nyumba imodzi. Tijambule zithunzi pafoni, tiyeze kukhuthala kwa khoma ndi kukula kwa khonde, tione ngati ndi njerwa zootcha kapena zidina, tilembenso pomwe pang'aluka. Tikatero tipite kwa agogo athu ndi kope, tiwafunse kuti munkakhala ndani, anabwera pambuyo pake ndani, omanga anali a mudzi uti. Zomwe tipeze tidzaika m'kalata yathu ino, kope lina tikasiya ku mishoni.

Agogo amene amadziwa zimenezi akutha mmodzimmodzi, anzanga. Ofuna kuyamba nawo alembetse mayina kwa mlembi tisanabalalike.