Cifukwa Ninji Oyendetsa Galimoto Aswa Malamulo a Pamseu?

Munthu asanalandire laisensi yoyendetsera galimoto ayenera kuyesedwa, ndipo mwa zimene afunsidwa muli malamulo a pamseu. Cotero pamene galimoto ipitirira nyali yofiira pa maloboti, kapena ithamanga koposa muyeso, sikuti woyendetsayo sadziwa lamulo. Alidziwa bwino lomwe. Komabe m'caka ca 2022 anthu oposa 2,000 anafa pa miseu ya Zambia, monga anawerengera apolisi, ndipo ambiri a iwo anali oyenda pansi ndi opalasa njinga. Tsono funso loyenera kuti omvera alilingalire ndi ili: ncifukwa ninji munthu wodziwa lamulo aliswa?

Cifukwa coyamba ndi ndalama. Mu Lusaka woyendetsa minibasi kawirikawiri apangana ndi mwini wace kuti madzulo ali onse azipereka ndalama zakuti zakuti, ndipo zotsala ndizo zace ndi za kondakitala. Munthu wotere aona mphindi iri yonse ngati ndalama. Ncifukwa cace aima pakati pa mseu kutola anthu, adzaza basi koposa mipando, napikisana ndi mnzace kuti ayambe kufika ku Kulima Tower kapena ku City Market. Woyendetsa lori ya ulendo wautali nayenso akakamizidwa kufikitsa katundu msanga, nayenda usiku wonse tulo tiri m'maso.

Cifukwa caciwiri ndi cangu conyenga. Woyenda makilomita 10 pa liwiro la makilomita 60 pa ola atha mphindi 10. Akathamanga pa 80 atha mphindi 7 ndi theka. Phindu lace ndi mphindi ziwiri ndi theka basi. Koma mtengo wace ngwaukuru, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto iyenda mabuleki atapondedwa uwirikiza kanai. Pa liwiro la 100 galimoto iyenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi, ndiye kuti woyang'ana foni masekondi awiri wayenda mamita oposa 50 monga wakhungu. Akuru anati kuthamanga si kufika.

Cacitatu ndi mowa, umene ucedwetsa maso ndi miyendo pomwe uonjeza kulimba mtima. Woledzera adziyesa katswiri pa nthawi yomwe manja ace ali ofooka.

Koma pansi pa zifukwa zonsezi pali muzu umodzi. Munthu aswa lamulo pamene aona kuti phindu lace liri pafupi, koma cilango ciri kutali ndiponso ncokayikitsa. Amene wapitirira galimoto inzace pokhota kasanu osaona ngozi ndi osagwidwa, ayamba kuyesa kuti lamulolo anaikira anthu ena. Apolisi akamaima pa malo amodzimodzi masiku onse, oyendetsa awadziwa malowo. Acepetsa liwiro pofika, acenjezana ndi nyali, ndipo akangopitirira aponda mafuta monga kale. Coipa koposa ndi ciphuphu. Faindi ikasanduka cinthu cokambirana pa zenera la galimoto, lamulo lasanduka msonkho wamba, umene woyendetsa auwerengera pamodzi ndi mafuta.

Zotsatira zace zidziwika. Pa 7 February 2013, pa mseu wa Great North Road kufupi ndi Chibombo, basi yocokera ku Ndola kunka ku Lusaka inagundana ndi lori, pamene galimoto yacitatu inali kuyesa kupitirira. Anthu oposa 50 anafa, ndipo Pulezidenti Michael Sata analamula masiku atatu a maliro a dziko lonse. Lamulo loletsa kupitirira pamene kutsogolo kukubwera galimoto linalipo kale tsiku limenelo.

Malamulo m'dziko muno sasowa ai. Lamulo la Road Traffic Act la 2002 linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene anthu alicha RTSA, kuti lipereke malaisensi, liyese magalimoto ndi kusunga miseu pamodzi ndi apolisi. Mu 2016 Boma linaletsa mabasi ndi malori kuyenda kuyambira 9 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa, ndipo mu 2018 makamera oyesa liwiro anaikidwa m'miseu ya Lusaka. Koma lamulo lolembedwa pa pepala siliimitsa galimoto. Cimene ciimitsa ndi kudziwa kwa woyendetsa kuti akalakwa agwidwa ndithu.

Citsanzo ca ku Kenya ciphunzitsa bwino zimenezi. Mu 2004 nduna ya zamtengatenga, John Michuki, anakakamiza kuti maminibasi, amene kumeneko awacha matatu, akhale ndi malamba a pamipando ndi kacipangizo koletsa liwiro kupitirira makilomita 80 pa ola, ndiponso kuti asanyamule anthu oposa mipando. Eni magalimoto anadandaula, anthu anayenda pansi masiku angapo, koma Boma silinabwerere m'mbuyo, ndipo ngozi zinacepa. M'zaka zotsatira, osunga lamulo atalekerera, makhalidwe akale anabweranso ndi ngozi zomwe. Malamulo anali omwewo. Cinasintha ndi kasungidwe kace.

Phunziro lace nlakuti cilango cacing'ono cosalephera ciposa cilango cacikuru cimene cigwera munthu mmodzi mwa ambiri. Kusunga lamulo kopindulitsa kufuna zinthu zitatu. Woyendetsa asadziwe malo kapena nthawi imene adzakomana ndi apolisi, kuti asamale ulendo wonse. Lamulo ligwire onse mofanana, wa minibasi ndi bwana wa galimoto yonyezimira, pakuti anthu salemekeza lamulo lokondera. Ndipo faindi iri yonse ikhale ndi risiti, ifike m'thumba la Boma. Pamodzi ndi izi, zikwangwani za liwiro zioneke bwino, kuti anthu aone kuti apolisi afuna kupulumutsa moyo, osati kuchera misampha ya ndalama. Mwini basi nayenso afunsidwe mlandu, popeza ndiye aika mtengo umene uthamangitsa wanchito wace.

Okwera nawonso ali ndi mbali yao. Pa zokhota za Manenekela, pa mseu wa ku Chipata, anthu ambiri angakhale cete m'basi yothamanga, yense acita manyazi kulankhula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wapolisi sangakhale pa phiri liri lonse, koma wokwera ali pomwepo, ndipo moyo umene uli m'manja mwa woyendetsayo ndi wace.